Kuwonjezera thanki ya mafuta pa Hilux: amene munachitapo tithandizeni

Bambo a Chisomo, Kasungu:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi Hilux D-4D ya injini ya 2.5, ya 2012. Ndimagula nyemba, soya ndi mtedza, ndipo nyengo yokolola ndimafika mpaka ku Rumphi, Nthalire ndi Chitipa. Thanki yake ndi ya malita 80. Pa tala ndikakhala wopanda katundu lita imodzi imandiyendetsa makilomita 11 kapena 12, koma ndikasenza matumba n'kulowa m'misewu ya fumbi ya m'mapiri akumpotoku imatsika kufika pa 8. Ukangofika ku Rumphi n'kupeza dizilo kulibe, ulendo wathera pomwepo, ndipo alimi amene unapangana nawo amagulitsa kwa wina. Ndikufuna galimotoyi izinyamula malita ngati 140. Amene munayikitsapo thanki yachiwiri kapena yaikulu, munachita bwanji, ndipo munakumana ndi zotani?

Mwale wa ku Mchinji:
Akulu, bwanji osangogula zigubu zitatu za malita 20? Malita 60 omwewo, ndalama yochepa, ndipo tsiku limene simukuzifuna mumangozitsitsa.

Nachisale:
A Mwale, zigubuzo mukadzadzitsa kuti? Nthawi imene mafuta akuvuta, imene Bambo a Chisomo akufunira malita owonjezerawo, ndi nthawi yomweyonso a MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, amakhwimitsa zoletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo chawo. Omwetsa mafuta amakukanira pamaso, chifukwa akagwidwa chilango chimagwera malo awo. Mafuta olowa m'thanki yomangidwa pagalimoto ndi nkhani ina.

Mwale wa ku Mchinji:
Zoona mayi. Ine ndimadzadziratu mafuta akakhalapo ambiri.

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
Bambo a Chisomo, njira zilipo zitatu, ndipo ndinene kale kuti imene ndimaikonda ndi yoyamba.

Yoyamba, mumachotsa thanki imene inabwera ndi galimoto n'kuyikapo yaikulu pamalo omwewo. Pansi pa Hilux, m'mbali mwa chesisi, pali malo amene thanki ya ku fakitale sinawadzaze. Thanki yaikuluyo imawumbidwa motsata malo amenewo, ndipo za Hilux zimafika malita 140 kapena kuposerapo pang'ono. Pothirira mafuta ndi pomwepo, paipi yopita ku injini ndi yomweyo, yobwezera mafuta otsala kuchokera ku injini ndi yomweyo, choyezera mafuta mumangochisamutsa. Palibe pampu yatsopano, palibe waya watsopano, ndiye zinthu zoti zingawonongeke pamsewu sizinachuluke.

Yachiwiri, mumasiya thanki yakaleyo n'kuwonjezera ina, kawirikawiri pamalo a tayala la sipeya, ndipo kapampu ka 12V kamasamutsa mafuta kupita m'thanki yakaleyo mukadina switchi. Imagwira ntchito, koma tayala la sipeya likwera m'bodi n'kudya malo a matumba anu, komanso kulemera konseko kumakhala kuseri kwa matayala akumbuyo, kumene kumapondereza kwambiri masipuling'i.

Yachitatu ndi thanki ya m'bodi, yokhala kuseri kwa kabini. Ndi yosavuta kupanga ndi kuyika. Kwa munthu wonyamula matumba ngati inu ndiyo yoyipa kwambiri, chifukwa mukutaya malo amene amakubweretserani ndalama, ndipo aliyense wodutsa akuiona.

Bambo a Chisomo, Kasungu:
Zikomo Che Amidu. Yoyambayo imapezeka muno m'Malawi?

Phiri wa ku Joni:
Ine sindinaionepo ili pa shelefu kumudziko, ambiri amaitanitsa kuno. M'mashopu a zida za 4x4 a ku Johannesburg ndi Pretoria zimapezeka, chifukwa anthu a kuno amakonda kupita ku Botswana ndi Namibia kumene umatha kuyenda tsiku lonse osaona pampu. Zotchuka kwambiri zinachokera ku Australia, monga Long Ranger ndi Brown Davis, ndipo a ARB ali ndi yawo ya pulasitiki yolimba yotchedwa Frontier. Ziliponso zopangidwa konkuno. Chofunika achimwene, muzinena bwinobwino chaka cha galimoto, mtundu wa kabini ndi injini. Thanki ya Hilux ya 2016 kupita mtsogolo siikwana pa yanu, chifukwa mu 2015 anasintha galimoto yonse. Ndiye muwerengere mtengo wa thanki, wa thiransipoti kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, ndi msonkho wa MRA. Ndi mmene kwacha inagwera mu November 2023, ndi 44 peresenti, zonsezi pamodzi si ndalama yamasewera.

Gondwe wowotcherera, Mzuzu:
N'chifukwa chake ife tilipo. Chitsulo ndi chitsulo, kaya chawotchereredwa ku Australia kaya ku Luwinga. Bweretsani galimoto, tiyeza malo, tipanga.

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
A Gondwe, sindikunyoza dzanja lanu, koma ndalandirapo magalimoto angapo amene injini zake zinaphedwa ndi mathanki opangidwa m'makwalala. Ina inabwera ikutsamwa, titatsegula fyuluta tinapeza tizidutswa ta zowotcherera ndi dzimbiri. D-4D si injini yakale ya Toyota ija yotchedwa 5L imene inkameza chilichonse. Iyi ndi ya common rail, mafuta amakankhidwa ndi mphamvu yoposa mabar 1,000 kudutsa m'timabowo ta injekita tochepa ngati tsitsi. Kachitsotso kamodzi kapena madzi pang'ono, injekita zinayi zapita, ndipo mtengo wake umaposa wa thankiyo.

Gondwe wowotcherera, Mzuzu:
Zimene mwanenazo n'zoona Che Amidu, koma amene anapangayo ndi wowotcherera mageti ndi mawindo, si wopanga mathanki. Ndifotokoze mmene thanki ya dizilo imapangidwira, kuti Bambo a Chisomo akapita kwa wina aliyense adziwe zofunsa.

Chitsulo chikhale cha mamilimita awiri kapena kuposa, chakuda wamba kapena stainless. Malata a galvanised ayi, ngakhale akuoneka okongola ndi osachita dzimbiri. Zinki amene anakutira malatawo amasungunuka pang'onopang'ono mu dizilo n'kukamatirira mu injekita. Anthu ambiri amagwa pamenepa chifukwa amaganiza kuti akuthawa dzimbiri.

M'kati mumakhala timakoma tiwiri kapena titatu tokhala ndi mabowo m'munsi. Amayi akatunga madzi pachitsime amayika masamba pamwamba pa ndowa kuti madzi asakhavuke poyenda, ntchito ya timakomato ndi yomweyo. Popanda timeneti, malita 100 amathamangira mbali imodzi mukamakhota pa Chiweta, galimoto imakankhika, zowotcherera zimang'ambika, ndipo mafuta akachepa paipi imakoka mpweya pachitunda injini n'kuzima.

Pansi penipeni pamakhala kabawuti kotulutsira madzi. Pamwamba pamakhala paipi yopumira, ndipo imakwezedwa m'mwamba kuposa pothirira, kumapeto kwake kukhale kafyuluta. Ikakhala pansi, tsiku lowoloka mtsinje kapena kuyenda m'fumbi la Nthalire thanki imayamwa zonsezo.

Tikamaliza timatseka mabowo onse, kupopera mpweya pang'ono chabe, osati ngati tayala, n'kupaka madzi a sopo pa mzere uliwonse wowotcherera kuti tione thovu. Kenako kutsuka m'kati mpaka nsalu yoyera ituluke yoyera. Pomanga pa chesisi timagwiritsa malamba achitsulo okhala ndi labala, chifukwa chesisi imapindika pamsewu woyipa ndipo thanki yomangidwa gwa imasweka m'makona. Komanso sitiwotcherera kapena kuboola chesisi mwachisawawa, timafuna mabowo amene alipo kale.

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
Apa ndiye tagwirizana a Gondwe. Wopanga motere ndingamutumizire kasitomala. Ndingowonjezera kuti thanki italikirane ndi ekizozi, pakhale chitsulo chotchinga kutentha, ndipo isayandikire propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chija chopereka mphamvu ku matayala akumbuyo, poganizira kuti galimoto ikasenza imatsika. Isalendewerenso kupitirira chesisi. Thanki yotsika masentimita asanu okha ndiyo imayamba kugunda mwala.

Mai a Takondwa, Balaka:
Pepani kulowerera. Ine yanga ndi Nissan Hardbody ya petulo. Amuna anga akufuna kuyika mgolo wa malita 200 m'bodi, ndi paipi yotsikira m'thanki. Zimene mukufotokozazi zikugwiranso kwa ife?

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
Mayi, chonde auzeni bambowo asachite zimenezo. Petulo ndi dizilo ndi zinthu ziwiri zosiyana kutali. Dizilo kuti atulutse nthunzi yoyaka amafunika atenthe kupitirira madigiri 50. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kuzizire kufika madigiri 40 pansi pa ziro, ndiye kwa inu ku Balaka mwezi wa October mgolowo ukhala ukufuka tsiku lonse. Nthunziyo ndi yolemera kuposa mpweya, siuluka, imakhazikika pansi m'bodi. Waya mmodzi wothetheka, ndudu ya wokwera matola, kapena mbaula ya wogulitsa chimanga pafupi ndi pamene mwaimika, basi. Kuwonjezera apo mgolo wodzadza umalemera makilogalamu oposa 160, ndipo pangozi zingwe sizingaugwire, umabwera kukabini kumene mwakhala inu.

Agogo Mbewe:
Ana anga, ine ndinayendetsa mathiraki njira ya ku Beira zaka zambiri ndisanapume. Mu November 2016, pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, thanka ya petulo imene inkabwera kuno ku Malawi inaphulika anthu akutunga mafuta m'zigubu. Anafa anthu oposa 70, ena ana. Amene tinkadutsa pamenepo sitiiwala. Mai a Takondwa, petulo sasungidwa mumgolo pagalimoto yonyamula banja. Ngati n'kofunika kwenikweni, chigubu chimodzi kapena ziwiri zachitsulo zopangidwira mafuta, zotseka ndi labala, zomangidwa chilili kunja kwa kabini. Zachikasu za mafuta ophikira zija ayi, zivindikiro zake zimadontha. Ndipo pothira, chigubu chizikhala pansi padothi, osati m'bodi, makamaka bodi yoyalidwa pulasitiki kapena labala, chifukwa magetsi obwera ndi kukhulana kwa mafuta amafuna potulukira.

Mai a Takondwa, Balaka:
Zikomo agogo, zikomo Che Amidu. Ndiwawerengera ndekha madzulo ano.

Jere:
Ine ndili ndi funso lina, ndipo mundikhululukire ngati likhumudwitsa. Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Mafuta akasowa timagona pamzere, thanka ikabwera timayembekeza malita atatu kapena anayi kuti ana adye. Ndiye patsogolo pathu pakhale magalimoto khumi a mathanki a malita 140? Mafuta amene akanakwanira anthu ambiri athera mwa anthu ochepa. Si kuba kumeneko, koma chilungamo chake chili pati?

Phiri wa ku Joni:
Achimwene, inu mumathira petulo, awa akukamba za dizilo. Pampu zake n'zosiyana.

Jere:
Mawa wa petulo ayikanso yake. Ndipo wa minibasi ya dizilo amene ali kumbuyo kwawo si munthu?

Nachisale:
A Jere ali ndi mfundo, tisawatseke pakamwa. Kusowa kwa mafuta kuno sikuyambira pa pampu. Mafuta athu onse amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo a NOCMA, kampani ya boma yoitanitsa mafuta, ndi makampani ena oitanitsa amafuna madola kuti alipire. Madola akasowa, monga zinalili mu 2011, mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, mizere imayamba. Thanki ya Bambo a Chisomo siingabweretse vutolo. Koma n'zoonanso kuti pa tsiku la mzere, aliyense akathira mopitirira zimene akufuna, mzerewo umatalika. Ine ndimayang'anira magalimoto a bungwe lina logwira ntchito za umoyo kumidzi, ndipo lamulo lathu kwa madalaivala ndi lakuti mathanki aakulu azidzadzidwa pamene mafuta alipo okwanira, m'tauni, ulendo usanayambe. Pamzere wa kuboma laling'ono amathira ongokwanira kufika kumene akupita. Ndiponso nthawi ya mavuto omwetsa mafuta ambiri amayika malire pa galimoto iliyonse, ndiye thanki yaikulu pamzere siikupatsa mwayi uliwonse.

Bambo a Chisomo, Kasungu:
A Jere, ndakumvani ndipo sindinakhumudwe. Cholinga changa n'choti ndikadzadza ku Kasungu kapena ku Mzuzu ndisakaimenso pamzere wa ku Rumphi kapena ku Chitipa, kumene thanka imafika mwa apo ndi apo. Malita amene ndikanathira kumeneko atsalira a minibasi ndi a chigayo a konko.

Jere:
Ngati zili choncho palibe mlandu bambo. Koma si onse amaganiza ngati inu. Ena thanki yaikuluyo ndi yokapopera m'zigubu usiku n'kugulitsa pamsewu mtengo wowirikiza.

Woyang'anira gulu:
Nkhani ya a Jere ndi yofunika, koma ya mavenda a mafuta tiyitsegulire pake. Pano tipitirize za thanki.

Nachisale:
Ndibwerere ku mapepala, chifukwa palibe amene wazitchula. Thanki yosakhala ya ku fakitale ndi kusintha kapangidwe ka galimoto. Musanayike, pitani ku Road Traffic mukafunse zimene akufuna kuti COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, isadzavute, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse polemba kalata, iwonso akuyankheni polemba. Galimoto ikapsa kapena kugundidwa, wofufuza wawo akapeza thanki imene sanauzidwe, ali ndi poyambira kukana kulipira. Ife timasunga m'galimoto kope ya risiti ya thanki ndi kalata ya amene anayika, kuti pa rodibuloko pasakhale kukangana kwambiri. Wotuluka nayo kunja kwa dziko aziwulula pachipata kuti ali ndi thanki yowonjezera, asadikire kuti aipeze okha.

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
Tiwerengenso kulemera, Bambo a Chisomo, poti inu mumasenza. Lita ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840. Malita 60 owonjezera ndi makilogalamu 50. Thanki yachitsulo yaikulu imaposa ya ku fakitale ndi makilogalamu 20 kapena 30. Tinene 70 kapena 80 zonse pamodzi, ndiye thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50 lachoka pa katundu amene galimoto ikuloledwa kunyamula. Hilux inapangidwira pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo inuyo, wothandiza wanu ndi mafuta. Ndikudziwa mmene ogula mbewu mumasenzera. Mukayika thankiyi muzitsitsa matumba awiri, apo ayi masipuling'i, mabelingi akumbuyo ndi mabuleki ndi amene alipire, ndipo kutsika Chiweta ndi mabuleki otentha si zinthu zoyesera.

Bambo a Chisomo, Kasungu:
Matumba awiri pa ulendo ndi ndalama ndithu, koma kugona masiku ku Rumphi kudikira thanka kumandidyera zoposa pamenepo. Nanga geji ya mafuta iziwerenga bwino?

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
Siwerenga molondola ngati kale. Choyezeracho ndi kamkono kokhala ndi choyandama, kanapangidwira thanki ya malita 80. M'thanki yaikulu muvi umakhala pa F makilomita ambiri osasuntha, kenako n'kuyamba kutsika. Wodziwa ntchito amakonza kamkonoko kuti pa E pakhale poona, chifukwa mbali yofunika ndi imeneyo. Njira yabwino ndi iyi: tsiku loyika, thanki ili yopanda kanthu, muzithira malita 20 n'kulemba pamene muvi waima, enanso 20 n'kulemba, mpaka kudzadza. Kapepalako mukamate pa dashibodi. Ndipo nthawi zonse mukadzadza muzibwezera makilomita a ulendo pa ziro.

Gondwe wowotcherera, Mzuzu:
Pa kudzadzako, pampu ikangodzidula yokha musamauze mnyamata kuti apitirize mpaka pakamwa. Dizilo amafufuma akatentha. Malita 140 otuluka m'thanki yozizira ya pansi panthaka ku Mzuzu, mukatsikira nawo ku Karonga kutentha kwake n'kukwera ndi madigiri 20, amawonjezeka ndi malita awiri. Akasowa malo amatulukira ku paipi yopumira n'kunyowetsa tayala. Thanki yabwino imasiyidwa ndi kampata ka mpweya pamwamba chifukwa cha zimenezi.

Mwale wa ku Mchinji:
Nanga amene tili ndi thanki ya m'bodi kale, yotsitsa mafuta yokha popanda pampu? Mlamu wanga ali nayo, akuti nthawi zina amapeza dizilo pansi m'mawa.

Gondwe wowotcherera, Mzuzu:
Chifukwa thanki yam'mwambayo ikupitiriza kutsitsa pamene yapansi yadzadza, ndiye mafuta akutulukira popumira kapena pachivindikiro. Pafunika valavu yotseka yokha yapansi ikadzadza, ndi kampopi ka pamanja potulukira penipeni pa thanki yam'mwamba, koti azitseka akaimika galimoto. Kampopiko kamathandizanso paipi ikaduka pamsewu. A pampu ya magetsi nawonso vuto lawo ndi lofanana, munthu amayatsa n'kuiwala. Switchi ikhale ndi getsi lowala pamaso pa dalaivala, ikhale ndi fyuzi yake, ndipo izigwira ntchito pokhapokha kiyi ali wotsegula.

Agogo Mbewe:
Wina anene za madzi ndi akuba. Thanki yaikulu yokhala theka nthawi yaitali imachita thukuta m'kati usiku, madziwo amakhala pansi, ndipo pamene madzi akumana ndi dizilo pamamera zonanda zakuda zimene zimatseka fyuluta. Miyezi imene simukuyenda maulendo ataliatali muziyisunga yodzadza, ndipo kabawuti kapansi kaja muzikamasula mwa apo ndi apo mutulutse kapu imodzi muone. Koma kabawuti komweko ndi khomo la wakuba. Ife pa mathiraki tinkagona ndi diso limodzi chifukwa cha dizilo. Mukhale ndi chivindikiro cha kiyi, sefa yachitsulo m'khosi mwa thanki kuti paipi isalowe, ndipo kabawutiko kakhale kofuna sipanala yachilendo kapena kabisike kuseri kwa chitsulo chotchinga.

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
Agogo anena zoona. Pa D-4D ndimalimbikitsanso fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, yokhala ndi kagalasi pansi, iyikidwe mafuta asanafike pa fyuluta ya Toyota. Kwa munthu amene nthawi zina amakakamizika kuthira dizilo wa m'zigubu kumudzi, imeneyi ndi yofunika kuposa thanki imene tikukambayi. Getsi la madzi likayaka pa dashibodi, imani pomwepo mukhetse, musanene kuti ndikaonera kunyumba.

Bambo a Chisomo, Kasungu:
Ndathokoza nonse. Ndasankha yochotsa yakale n'kuyika yaikulu pamalo omwewo, pamodzi ndi fyuluta ya madziyo. A Phiri, mundifunsireko mtengo kumeneko kuti ndiyerekeze ndi wa a Gondwe. Lolemba ndiyamba ndapita ku inshuwalansi ndi ku Road Traffic monga anenera mayi Nachisale. A Gondwe, ngati ndingasankhe yanu, galimoto ikhala masiku angati kwa inu, ndipo thanki yakaleyo ndiitani?

Gondwe wowotcherera, Mzuzu:
Tsiku loyamba ndi lotsitsa yakale ndi kuyeza, ndimayamba ndapanga chitsanzo cha makatoni kuti tione ngati chikulowa osakhudza kanthu. Tikatero timabwezera yakaleyo, inu n'kumapita kukagwira ntchito. Mukabweranso pakatha sabata, kuyika ndi tsiku limodzi. Mubwere mafuta ali ochepa, kotala kapena kucheperapo, kuti isativute kutsitsa. Yakaleyo musagulitse. Muitsanule, muitseke mabowo onse, muisunge pouma, chifukwa wodzagula galimotoyo mtsogolo akhoza kuifuna.

Che Amidu, mekaniki ku Limbe:
Ndipo poyeza chitsanzo cha makatonicho a Gondwe, galimoto ikhale itasenza matumba ake, osati yopanda kanthu. Mpata wa pakati pa thanki ndi propshaft umene uli wofunika ndi wa galimoto yolemedwa. Labala wozungulira choyezera mafuta mugule watsopano, wakale akangomasulidwa sagwiranso bwino.

Phiri wa ku Joni:
Bambo a Chisomo, nditumizireni kumbali chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya mtundu wa galimoto, kali m'chipinda cha injini kapena pamphuthu ya chitseko. Loweruka ndikadutsa kushopu ndikafunse.